Kobiri Lobooka ndi Maswiti a Nshawa

Mwana aliyense abadwa ndi lilime lokonda zotsekemera, ndipo palibe munthu amene amphunzitsa zimenezi. Mukalipatsa khanda kadontho ka uci limwetulira, koma mukalipatsa mankhwala owawa litsinya nkhope ndi kulavula. Cikondi cimeneci sicinasinthe ciyambire masiku a makolo athu. Cimene casintha ndi manja amene akonza zotsekemerazo, ndiponso thumba limene ndalama ya mwana ikagweramo.

Mukapita lero pa msika wa Kapata mu mzinda wa Chipata, kapena pa timasitolo ta m'mbali mwa mseu timene anthu amati tuntemba, mudzapeza maswiti a mitundumitundu: ofiira, obiriwira, acikasu, ena obayidwa pa kamtengo. Tengani limodzi muwerenge timalemba ta pa pepala lace. Mudzaona dzina la Lusaka, kapena la South Africa, kapena la dziko lina lakutali ndithu, koma la Chipata mudzalifuna kufikira maso atopa. Komatu dziko lino ndilo linali kulima nshawa imene opanga maswiti a ku Ulaya anali kuifuna ndi mtima wonse. Nanga zinatheka bwanji kuti mwini nshawa azigula maswiti kwa alendo? Ndilo funso la nkhani ino, ndipo ndailembera makamaka inu amene mwatsiriza sukulu ndipo muli kufunafuna cocita ndi manja anu.

Zotsekemera za makolo

Shuga wa m'sitolo asanafike, Acewa, Ansenga, Akunda ndi Angoni anali nazo zotsekemera zao. Coposa zonse cinali uci. Mlenje akamva nsadzu iri kulira ndi kuulukira patsogolo pace mtengo ndi mtengo, anali kuitsata mpaka pa mphako ya njuci. Pamenepo anali kufukiza utsi, kufula uci, ndi kusiyirako mbalameyo cisa monga malipiro ace. Ena anali kupacika ming'oma ya makungwa m'mitengo yaitali. M'madimba munali nzimbe, ndipo m'minda munali misale imene anyamata anali kutafuna pocokera ku ubusa. Chire nalonso linali ndi mphatso zace: masuku mvula ikayamba, mapoza, nthudza ndi maula, ndipo ku cigwa ca Luangwa malambe, bwemba ndi masau. Amai anali kudziwa kuti mawere kapena mapira akamera asanduka otsekemera, ndico cifukwa cace cimera cikometsa thobwa popanda shuga.

Zotsekemera zonsezi zinali ndi nyengo yace, ndipo panalibe cimodzi cofuna ndalama. Wofuna uci analipira ndi mbola za njuci, wofuna masuku analipira ndi miyendo yace ndi kulindira caka cathunthu. Munthu wopanga zotsekemera kuti agulitse kunalibe, popeza wogula kunalibenso.

Tidziwenso kuti nzimbe ndi nshawa, zimene tiziyesa zathu zenizeni, nazonso zinadza ngati alendo. Nzimbe zinayambira ku cisumbu ca New Guinea, zinafika ku India, ndipo amalonda a pa nyanja anazifikitsa ku gombe la Afirika. Nshawa, imene ena amati mtedza, kwao ndi ku South America, ndipo anaioloka nayo nyanja ndi Apwitikizi. Mbeu ya makolo yeniyeni yobala pansi pa nthaka ndi nzama.

Shuga afika pa Boma

Mu January 1898 asilikali a Azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo Nsingo mwana wace anaphedwa. Nkhondo itatha Azungu anamanga Boma limene analipatsa dzina la Fort Jameson, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Masiku amenewo katundu wambiri anali kulowera pa doko la Chinde, nakwera mtsinje wa Zambezi, kenaka nasenzedwa pa mitu ya amtengatenga kudzera ku Tete kapena ku Nyasaland. Thumba la shuga loyenda ulendo wotere silikanakhala cakudya ca m'mudzi ai. Linali la pa tebulo la Mzungu.

Cimene cinatsitsira shuga ku midzi ndi msonkho. Pofuna ndalama za msonkho, amuna ambirimbiri anapita kukagwira nchito ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo pobwerako anadza ndi bulangeti, njinga, ndiponso cizolowezi ca tiyi. Kumwa tiyi wa shuga wambiri kunakhala cizindikiro ca munthu amene anayenda ndi kuona maiko.

Ca m'ma 1905 anayamba kufika Amwenye a ku Gujarat, ambiri a iwo Asilamu, natsegula masitolo pa Boma ndi m'midzi yomwe. Ku Chipata dera la masitolo ao lidziwikabe ndi dzina la Down Shops. M'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda anali kugulira pa zenera, koma kwa Mmwenye ngakhale mwana wopanda nsapato anali kulowa ndi kuima pamaso pa botolo lalikulu la maswiti. Anthu amenewa shuga anali kumdziwa bwino, pakuti ku India ndiko anthu anayamba kuphika madzi a nzimbe mpaka kuuma ngati mcenga. Ndipo liu lakuti shuga, tikalilondola kupyola Cingerezi ndi Ciarabu, likatifikitsa ku cinenero cakale ca ku India. Pa maukwati ndi pa cikondwerero ca Eid akazi ao aphika jalebi, laddu, barfi ndi halwa, ndipo kwao ali nalonso switi la nshawa yomatidwa ndi shuga wa nzimbe wosayeretsa, limene amati chikki.

Kobiri lobooka

Amene tinalowa sukulu m'masiku a Federation, imene inakhala kuyambira 1953 mpaka 1963, tikumbukira kobiri la masiku amenewo. Linali ndi cithunzi ca njobvu ziwiri ndi cibowo pakati, ndipo mwana wopanda thumba anali kulimanga pa cingwe ndi kulibvala m'khosi kuti lisatayike. Kulipeza kunali kobvuta. Ena tinalipeza potungira aphunzitsi madzi, ena pogulitsa mbewa, ena amalume akabwera kucokera ku Walale. Ndipo tikalipeza, tonse tinali kudziwa kumene lidzathera.

Kunja kwa bwalo la sukulu yathu, pa mthunzi wa mango, panali kukhala amai wina wamasiye ndi licero lace lobvundikira ndi kansalu koyera. Amuna ace anali khukhi m'nyumba ya Mmwenye pa Boma, ndipo asanamwalire anawaphunzitsa kaphikidwe ka maswiti a nshawa. Ine ndinali kuwatolera nkhuni kuti andipatse zinyenyeswa, cotero nchito yonse ndinaiona ndi maso anga.

Poyamba anali kusankha nshawa imodziimodzi, nataya zofota ndi zankhungu. Akatero anali kuikazinga m'phale pa moto wocepa, kuifikisa m'manja ndi kupeta kuti makoko ofiira acoke. Tsono m'poto anali kuthiramo shuga, timadzi pang'ono, ndi madontho a ndimu. Ndimuyo sinali yokometsera ai. Nchito yace inali kuletsa shuga kuti asabwererenso kukhala mcenga. Apa ndipo panali luso lonse. Shuga akawira ayamba wayera, kenaka akhala ngati uci, ndipo pakapita kanthawi kocepa apserera ndi kuwawa. Lero opanga maswiti ali ndi cipangizo coyezera kutentha, ndipo adziwa kuti switi lolimba lipsa pa madigiri ngati 150. Amai aja analibe cipangizo. Anali kudonthezera shuga m'cikho ca madzi ozizira: dontho likafewa, anali kuonjezera nkhuni, likauma ndi kuthyoka kuti thyo, anali kuphula msanga, kuthiramo nshawa, kutakasa, ndi kukhuthulira pa thabwa lodzola mafuta. Asanazizire anali kuwadula ndi mpeni timagawo tofanana.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amai, bwanji osakolezera moto waukulu kuti zipse msanga?" Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono nkudekha. Shuga sakonda munthu wa phuma."

Nchito imeneyi inali ndi mdani mmodzi, ndiye mvula. Shuga wophika amwa cinyezi ca mu mpweya, cotero m'miyezi ya dzinja maswiti anali kunyowa, kumatirirana ndi kuitana nyerere. Cifukwa ca ici amai aja anali kuphika ocepa, okwanira tsiku limodzi kapena awiri. Musaiwale mdani ameneyu, pakuti tidzakomana nayenso patsogolo.

Tsono londolani ulendo wa kobiri lija. Linacoka m'khosi mwa mwana nilowa m'kansalu ka amai. Gawo lina linapita kwa Mmwenye kukagula shuga, gawo lina kwa mlimi wa nshawa wa m'mudzi momwemo, ndipo lotsala linagula sopo, mcere ndi mabuku a ana ao. Ndi makobiri otere amai aja anaphunzitsa ana atatu. Anthu onga iwo sanalembedwe m'mabuku a Boma, analibe dzina pa khomo kapena pa pepala, koma ndiwo anali opanga maswiti a dziko lino.

Chalimbana aoloka nyanja

Pamene amai anali kuphika m'kapoto kao, nshawa yomweyo inali kupanga dzina kutsidya kwa nyanja. Mtundu wa Chalimbana, umene ukhala m'munda ngati miyezi isanu, uli ndi maso akuluakulu ndi kukoma kwace, ndipo ogula a ku Ulaya sanali kuufuna kuti ayengere mafuta koma kuti aukazinge ndi kuuika m'maswiti ndi m'chokoleti. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 alimi a ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi anali kuuswa ndi manja ndi kuugulitsa kudzera m'makoparetivu, amene anasonkhana m'bungwe la Eastern Province Co-operative Marketing Association. Denga la malata ndi ngolo ya ng'ombe m'midzi yambiri zinagulidwa ndi nshawa imeneyi.

Koma taonani kuti tinali kutumiza nshawa yaiwisi m'masaka. Phindu la kuiphika, kuikulunga ndi kuipatsa dzina linali kutsala kwa eni mafakitale a kunja.

Ndipo msika umenewu sunakhalitse. Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 zitadya cakudya cokhala ndi nshawa ya ku Brazil. Pofufuza, akatswiri anapeza poizoni wocokera ku nkhungu, amene Azungu amati aflatoxin ndipo ife timati cuku. Cuku cikonda nshawa yosauma bwino, kapena yowazidwa madzi kuti isweke msanga, ndipo cidwalitsa ciwindi. Kucokera pamenepo maiko ogula anayamba kuika malamulo okhwima, nawakhwimitsabe m'kupita kwa zaka. Kuno kwathu nako Boma linaika mtima pa cimanga ca haibulidi, nilicepetsa mtengo wa feteleza, ndipo mlimi anaona kuti cimanga cilipira koposa nshawa imene ifuna manja ambiri pokumba, pothothola ndi poswa. Pofika m'zaka za m'ma 1980 nshawa yotumizidwa kunja inali itacepa kwambiri.

Zaka za mizere

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Fort Jameson anapatsidwa dzina la Chipata, ndipo mu 1968 zinthu zitatu zinacitika zimene zikhudza nkhani yathu. Kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi, masheleni ndi makobiri. Fakitale ya shuga ya ku Nakambala, pafupi ndi Mazabuka, inayamba kugaya nzimbe za m'dziko momwe muno. Ndipo mu April, pa Mulungushi, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti malonda a masitolo ang'onoang'ono akhale m'manja mwa nzika za Zambia. Amwenye amene sanatenge unzika anasiya masitolo ao a m'midzi, ndipo ena mwa masitolowo sanatsegukenso.

Munthu akadayesa kuti shuga wa kwathu adzalemeretsa ophika a kwathu. Koma mu 1973 malire a ku Rhodesia anatsekedwa, mitengo ya mafuta inakwera, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Ndalama zakunja zinasowa. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu anazolowera kuima pa mizere ku masitolo a Boma monga ZCBC, kulindira sopo, mafuta ophikira ndi shuga. Chipata ali kutali ndi Lusaka makilomita oposa 550, ndipo Nakambala ali kuseri kwa Lusaka. Cotero shuga akacepa, ife a ku mapeto a mseu ndife tinali kuyamba kumsowa. Mai amene waima pa mzere kuyambira mbandakuca nalandira paketi imodzi sangaisungunule kuti aphikire ana a eni maswiti. Aisungira phala la ana ace. M'zaka zimenezo mapoto ambiri anabvundikirika, ndipo coipa coposa ndi cakuti atsikana amene akadaphunzira nchitoyo poonera amai ao anakula osaiona.

Zitseko zitseguka

Mu 1991 Frederick Chiluba atapambana pa cisankho, Boma linaleka kuika mitengo ndipo linatsegula malire kwa katundu wakunja. Mizere inatha. Mu 1995 Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yace yoyamba mu Lusaka, ndipo pambuyo pace inafikanso ku Chipata. Caka comweco mu Lusaka munayamba kampani ya Trade Kings, imene inayamba ndi sopo koma inakula kufikira kukhala wopanga maswiti wamkulu wogulitsa ndi ku maiko oyandikana nafe. Mu 2000 maiko ena a m'bungwe la COMESA, pamodzi ndi Zambia, anacotserana msonkho wa pa malire. Shuga anapezeka ponseponse, koma pamene wophika wamng'ono anati akolezenso moto, anapeza pa mthunzi wace pataima wina.

Kodi fakitale ipambana bwanji? Coyamba, igula shuga pa matani, pamene mai agula pa paketi ndi mtengo wa m'sitolo. Caciwiri, isakaniza shuga ndi manyuci a glucose opangidwa kucokera ku cimanga, ndipo makina ace aumba maswiti mazanamazana pa mphindi imodzi. Cacitatu, ndipo ndico cacikulu, ikulunga switi lirilonse m'kapepala kosalowa mpweya. Mdani uja wa m'dzinja anagonjetsedwa ndi kapepala kameneka. Switi lokulunga likhala miyezi yambiri, likwera lole, lifika ku Chadiza ndi ku Vubwi liri louma, ndipo mwini kantemba aligula mosaopa kuti likapanda kugulidwa lero lidzaonongeka mawa. Cacinai, lamulo lifuna kuti cakudya ca m'paketi cikhale ndi dzina la wopanga, zimene ziri m'kati, ndi tsiku lothera mphamvu. Zimenezi kwa fakitale nzopepuka, koma kwa munthu mmodzi ndi mtolo.

Tisayese kuti tsoka ili linagwera ife tokha. Ku England John Cadbury anayamba ndi kasitolo mu Birmingham mu 1824, ndipo banja la Rowntree linayamba nchito yace mu York mu 1862. Iwo anakula, nameza anzao ang'onoang'ono, koma tsiku lao linafikanso: Rowntree anagulidwa ndi Nestlé ya ku Switzerland mu 1988, ndipo Cadbury anagulidwa ndi Kraft ya ku America mu 2010. Fakitale ya Terry's, imene inali kunyaditsa mzinda wa York, inatsekedwa mu 2005. Nsomba yaikulu idya yaing'ono m'nyanja iriyonse.

Tinenenso zoona pa mbali inayo, kuti tisakhale ngati nkhalamba zimene ziyamikira zakale zokhazokha. Sikuti licero lirilonse linali ndi kansalu koyera. Ena anali ndi nchenche ndi pfumbi. Switi la m'fakitale ndi laukhondo, ndi lochipa, ndipo lipatsa nchito ana a Zambia ambiri mu Lusaka. Koma kuchipa kwace kuli ndi mtengo wina. Mwana wakale anali kulawa switi kamodzi pa sabata, ndipo m'switimo munali nshawa yomanga thupi. Wa lero angathe kudya tsiku ndi tsiku shuga wothira utoto ndi fungo, ndipo mano ndiwo alipira. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cimene catsala

Yendaninso pa Kapata muone bwino. Vitumbuwa, mandasi, cikondamoyo, nshawa yokazinga ndi thobwa zikali m'manja mwa amai. Cifukwa nciani fakitale sinawalande zimenezi? Cifukwa anthu azifuna zatsopano, za lero lomwe, ndipo lole yocokera ku Lusaka singathe kufikitsa citumbuwa cotentha. Pamene pafunika kukhalitsa, fakitale ipambana. Pamene pafunika utsopano ndi kukoma kwa cinthu ca kwao, wamng'ono akali ndi malo.

Ndipo nshawa sinatithawe. Cigawo ca Kum'mawa cikali patsogolo pa ulimi wace m'Zambia, ndipo akatswiri a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, anatulutsa mbeu zina monga MGV 4 zobala zambiri. Bungwe la COMACO, limene ligwira nchito ndi alimi a ku cigwa ca Luangwa, lasonyeza kuti ciponde ca nshawa yathu ndi uci wa m'nkhalango zathu zingathe kuikidwa m'botolo, kupatsidwa dzina, ndi kugulidwa m'masitolo akulu a mu Lusaka. Ngati zatheka ndi ciponde, coletsa switi la nshawa nciani? Kapepala kosalowa mpweya, kamene kanagonjetsa amai aja, lero kagulidwa m'sitolo, ndipo kamakina komatira mapulasitiki sikafuna cuma ca fakitale.

Inu amene mwatuluka m'sukulu muli ndi zimene amai aja analibe. Mudziwa kuwerengera mtengo wa shuga, makala ndi mapepala musanaike mtengo wa switi. Mudziwa kuti nshawa yankhungu ndi poizoni. Mungathe kupita ku ofesi ya khonsolo kukafunsa za cilolezo, ndi kulemba dzina la mudzi wanu pa paketi. Musapikisane ndi fakitale pa switi la utoto, pakuti pamenepo idzakugwetsani. Pikisanani nayo pa nshawa, pa uci ndi pa malambe, zimene ziri pa khomo panu. Ndipo ngati m'mudzi mwanu mukali agogo amene adziwa kudonthezera shuga m'madzi ozizira, pitani mukakhale pansi muwafunse akali moyo, pakuti luso lotere sililembedwa m'buku ndipo likalowa m'manda silibwerako.

Kobiri lobooka linapita ndipo silidzabweranso. Koma nshawa ikali m'nkhokwe, shuga ali m'sitolo, ndipo ana akali kutuluka m'sukulu dzuwa liri pamutu, ndalama iri m'manja. Cimene casowa pa mthunzi wa mango uja ndi munthu wokhala ndi licero lace.